Paketi ya shuga imene ili m'kati mwa duwa

Azakhali anga, amene amalima soya ku Mchinji, sapita kwa mavenda chimanjamanja. M'chikwama mwawo mumakhala paketi ya shuga yosatsegula, ya kilogalamu imodzi. Thumba lawo lisanakwere pa sikelo, amayamba apachika kajumbo ka shugayo. Muvi ukaima pa 1, malonda amayamba. Ukaperewera, amasenzanso katundu wawo n'kupita kwa wina, wogula uja akukuwa m'mbuyo kuti, "Mayi, tabwerani tikambirane!" Sukulu sanapite nayo patali, koma amadziwa kuti nambala imene sikelo ikukuuza ndi yopanda pake ngati sunayambe waiyesa ndi chinthu chimene ukudziwa kale kulemera kwake.

Chaka china adzukulu anaiboola paketi ija pakona n'kumanyambita mwakabisira kwa sabata yathunthu. Azakhali anainyamula osadziwa. Tsiku limenelo anakana mavenda atatu motsatizana, wina mpaka anamulalatira, pamene wolakwa anali kunyumba, milomo ili mbuu.

Ndimawakumbukira azakhaliwa ndikamawerenga zimene asayansi ofufuza maluwa amalemba. Chaka ndi chaka kumatuluka malipoti a mitu yofanana ngati yunifolomu ya sukulu: kusankha majini oyezera mu rozi, kusankha majini oyezera mu azalea, mu hydrangea, mu camellia. Ungaganize kuti anthuwa asowa chochita. Anzawo ali kalikiliki kufufuza mankhwala a khansa, iwo akutha miyezi kusakasaka jini limene silichita chilichonse chodabwitsa, limene limangokhala phee. Komatu chimene akusakacho ndi paketi ya shuga ija, ndipo vuto lawo ndi la azakhali anga lomwe: paketi yawo ili ndi oinyambita.

Nkhaniyi kwawo kwenikweni ndi ku Belgium, mumzinda wa Ghent. Anthu akumeneko anayamba chionetsero cha maluwa mu 1809, ndipo chionetserocho, chimene amachitcha Floraliën, chikuchitikabe mpaka lero. Duwa limene amanyadira kwambiri ndi azalea, kachitsamba kakafupi kamene amadzala mumphika n'kukaika pawindo la pabalaza m'nyengo yachisanu, pamene mitengo yakunja yayoyola masamba. Kholo lake lalikulu, Rhododendron simsii, linachokera ku China. Alimi a m'madera ozungulira mzindawo, monga Lochristi, akhala akukweranitsa ndi kusankha zitsambazi mibadwomibadwo, ndipo mu 2010 dzina lakuti Gentse azalea linalandira chitetezo cha malamulo a European Union, kuti wina asagulitse za kwina ponamizira kuti n'za ku Ghent.

Pa malonda amenewa ndalama ili mu mtundu wa duwa. Wogula sadya azalea, sathira m'ndiwo. Amangoiyang'ana, n'kusankha yofiira, yoyera kapena yapinki. Chitsambachi chilinso ndi kakhalidwe kena: nthawi zina nthambi imodzi imangotulukira ndi maluwa a mtundu wosiyana ndi nthambi zinzake, ndipo mlimi watcheru amaidula n'kuiokera, basi wapeza mtundu watsopano wogulitsa. Koma kudalira mwayi woterewu n'kovuta, ndipo wodzala njere amadikira zaka kuti aone duwa loyamba. N'chifukwa chake akatswiri okonza mbewu amafunitsitsa kudziwa chimene chimachitika m'kati mwa duwa kuti lipsere kufiira kapena liwalire pinki.

Apa ndi pamene pabwerera majini. Mawuwa asatiopse, si majini aja ogwira anthu usiku. Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira chinthu chimodzi m'thupi la chomera kapena la munthu. Selo la muzu, la tsamba ndi la duwa onse ali ndi DNA yofanana, ngati ophunzira amene apatsidwa buku limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti aliyense amatsegula masamba ake. Selo likafuna kugwiritsa ntchito jini, limakopera malangizowo pa kauthenga kotchedwa RNA, n'kukatumiza kumene amapangira mapuloteni. Jini lotanganidwa limatulutsa timauthenga tambirimbiri, logona limatulutsa tochepa kapena osatulutsa n'komwe. Choncho kuyeza mmene jini likugwirira ntchito ndi kuwerenga timauthengati.

Utoto wofiira ndi wapinki wa azalea umatchedwa anthocyanin, ndipo supangidwa kamodzi n'kamodzi. Zili ngati ufa woyera: wina akonola, wina aviika, wina ayanika, wina apita nawo kuchigayo. Sitepe iliyonse ili ndi jini lake, ndipo asayansi anawapatsa mayina achidule: CHS ndiye amayambitsa, kenako F3H, F3'H, DFR ndi ANS. Palinso FLS, amene amapatutsako zipangizo panjira n'kupangira zinthu zina zosaoneka mtundu kwenikweni, koma zimene zikasakanikirana ndi utoto uja zimausintha kaonekedwe. Funso la wofufuza limamveka lophweka: mu duwa lapinki, ndani mwa antchitowa akuchita ulesi, ndani akupyola muyezo?

Kuti ayankhe, amathothola timasamba ta duwa n'kutiponya mu naitirojeni wamadzi, amene kuzizira kwake ndi madigiri 196 pansi pa ziro, chifukwa RNA sichedwa kuwonongeka. Amatisinja m'kamtondo mpaka tisanduke ufa, n'kusefamo RNA. Kale apa mavuto ayamba. Zitsamba zili ndi utomoni ndi zinthu zowawa zimene zimamatirira ku RNA, moti timabotolo tiwiri toyamba ndi ufa wofanana titha kutulutsa RNA yosiyana kuchuluka ndi ukhondo. Kenako RNA ija amaisandutsa DNA, ndipo kusandutsako sikuyenda mofanana m'kabotolo kalikonse. Pomaliza amaika m'makina a PCR.

Njira ya PCR anaitulukira ndi Kary Mullis mu 1983, ndipo anapata nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Makinawo amatenthetsa kabotolo mpaka madigiri 95, n'kukaziziritsa kufika cha m'ma 60, n'kubwerezanso maulendo pafupifupi 40. Ulendo uliwonse kachigawo ka DNA kamene ukufuna kamawirikiza kawiri. Puloteni yogwira ntchito yokoperayi siipsa ndi kutentha chifukwa inachokera ku tizilombo totchedwa Thermus aquaticus, timene Thomas Brock ndi wophunzira wake anatipeza m'akasupe otentha a ku Yellowstone m'zaka za m'ma 1960. Kuwirikiza kawiri si masewera: kanthu kamodzi pa maulendo 10 kamafika 1,024, pa maulendo 30 kadutsa biliyoni. M'kabotolomo amathiramo utoto umene umawala ukagwirana ndi DNA, ndipo makina amalemba ulendo umene kuwalako kwayamba kuoneka. Kabotolo kamene kanayamba ndi timauthenga tambiri kamawala msanga, mwina pa ulendo wa 20. Kamene kanayamba ndi tochepa kamachedwa, mwina pa 28. Kusiyana kwa ulendo umodzi kumatanthauza kawiri. Maulendo atatu ndi kachidutswa ndi kakhumi.

Tsono duwa lofiira lawala pa 22, lapinki pa 23. Kodi jini la m'duwa lofiira likugwira ntchito kawiri kuposa linzake, kapena dzanja la wofufuza linangothira RNA yochulukirapo m'kabotolo kamodzi? Makina sanganene. Njira yake ndi ya azakhali: m'kabotolo komweko uyezenso jini lina limene ukukhulupirira kuti limagwira ntchito mofanana m'maluwa onse, kenako uyerekezere. Ngati nalonso lasiyana ndi ulendo umodzi, ndiye kuti vuto ndi dzanja. Ngati silinasiyane, kusiyana kuja n'kwa duwa. Masamu ake odziwika kwambiri anawalemba ndi Kenneth Livak ndi Thomas Schmittgen mu 2001, ndipo lipoti lawolo lili m'gulu la malipoti amene asayansi amawatchula kwambiri padziko lonse.

Kwa zaka zambiri, jini loyezerali ankalisankha mosaganiza kawiri. Ankatenga majini a ntchito zapakhomo, zimene selo lililonse liyenera kugwira kuti likhale ndi moyo, ngati kusesa, kutunga madzi ndi kusonkha moto. Mayina ake ndi omwewo m'malipoti zikwizikwi: actin ndi tubulin, amene amamanga mafupa a selo, GAPDH, amene amathandiza kuphwanya shuga kuti selo lipeze mphamvu, ubiquitin, amene amaika chizindikiro pa mapuloteni otha ntchito kuti akatayidwe, ndi 18S. Maganizo ake anali akuti ntchito zapakhomo sizisintha.

Aliyense amene anakhalapo pakhomo pamene pali ukwati kapena maliro akudziwa kuti zimenezo si zoona. Madzi otunga tsiku wamba si ofanana ndi a tsiku la chinkhoswe. Ndipo kwa chitsamba, kumasula duwa ndiye chinkhoswe chenicheni. Mphukira ikamatseguka, maselo a timasamba take amafufuma msangamsanga, ndiye actin ndi tubulin sangakhale pansi. Kufufumako, fungo ndi timadzi tokopa njuchi zimadya shuga, ndiye GAPDH naye ali pa liwiro. Duwa likayamba kufota, chitsamba chimaphwasula mapuloteni kuti chibweze chuma chake kuthupi, ndipo imeneyo ndi nyengo ya ubiquitin. Nayo 18S ili ndi vuto lake: ndi yochuluka mopyola muyezo m'selo, moti kuyezera jini laling'ono ndi iyo kuli ngati kuyeza mchere wa m'ndiwo pa sikelo ya fodya.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvetse. Mu mphukira, jini la utoto lawala pa 24, loyezera pa 20. Mu duwa lomasula, la utoto lawalanso pa 24, koma loyezera latsika mphamvu ndi theka, ndiye lawala pa 21. Masamu adzanena kuti jini la utoto lawirikiza kawiri, pamene silinasunthe ngakhale pang'ono. Wofufuza adzajambula chithunzi chokongola, mzati umodzi wautali kuposa unzake, n'kulemba kuti wapeza chimene chimafiiritsa duwa. Chikomekome cha mkuyu. Choopsa chake n'chakuti palibe paliponse pamene pakuoneka kuti palakwika. Makina agwira bwino ntchito, masamu ndi olondola, wofufuza sananame.

Amene anaika vutoli poyera mwamphamvu anali a ku Ghent komweko, koma osati a maluwa. Jo Vandesompele ndi anzake a pa yunivesite ya Ghent ankafufuza za majini a anthu, kuphatikizapo khansa ina ya ana. Mu 2002 anayesa majini khumi a ntchito zapakhomo m'ziwalo zosiyanasiyana za thupi la munthu, n'kupeza kuti wodalira jini limodzi amalakwitsa mowirikiza katatu kapena kuposa pamenepo pa ulendo umodzi mwa anayi alionse, ndipo pa umodzi mwa khumi amalakwitsa mowirikiza koposa kasanu ndi kamodzi. Malangizo awo anali akuti usadalire limodzi, tenga atatu kapena kuposa, n'kuwaphatikiza.

Koma pali kafunso kovuta apa, ndipo ineyo ndimaona kuti ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Azakhali akakayikira paketi yawo, atha kupita kugolosale kukagula ina. Nanga wasayansi adziwa bwanji kuti jini lake loyezera silikusuntha, poti kuti aliyeze afunikanso jini lina loyezera? Yankho la Vandesompele linali ngati la mfumu yoweruza mlandu wopanda umboni wogwirika: funsa mboni zambiri, uone zimene zikugwirizana. Ngati majini awiri alidi okhazikika, kusiyana kwa pakati pawo kudzakhala chimodzimodzi m'kabotolo kalikonse, kaya munathiridwa RNA yambiri kaya yochepa. Pulogalamu ya pakompyuta imene anapanga, geNorm, imayerekezera majini onse awiriawiri, kuchotsa limene likusemphana kwambiri ndi anzake, kuwerengeranso, kuchotsanso lina, mpaka patsale odalirika.

Mfumu yanzeru imadziwanso kuti mboni ziwiri zimatha kupangana. Majini awiri ogwira ntchito limodzi amakwera pamodzi, kutsikanso pamodzi, ndipo geNorm idzawayamikira kuti ndi okhulupirika. N'chifukwa chake olemba pulogalamuyo anachenjeza kuti majini oyesedwawo azichokera m'ntchito zosiyana. Mu 2004 kunatuluka mapulogalamu ena awiri owerengera mwanjira zina, NormFinder wa ku Aarhus ku Denmark ndi BestKeeper wa Michael Pfaffl ku Germany. Masiku ano ofufuza ambiri amayendetsa onse atatu, ndipo si kawirikawiri pamene atatuwo amagwirizana ndendende pa mndandanda wonse.

Kumbali ya zomera, chinthu chinasintha mu 2005, pamene Tomasz Czechowski ndi anzake a ku Max Planck Institute ku Golm, Germany, anasiya kuganizira ndi mutu kuti ndi majini ati ayenera kukhala okhazikika, n'kupita kukafufuza m'majini oposa 20,000 a kachomera kotchedwa Arabidopsis. Anapeza mazana a majini odekha kuposa otchuka aja, ambiri a iwo osadziwika n'komwe, monga PP2A, SAND ndi TIP41. Ofufuza rozi ku Hannover atayesa mu 2011, anapezanso kuti PP2A ndi SAND ali m'gulu la odalirika. Izi zinapangitsa ena kuganiza kuti basi, paketi yosanyambitika yapezeka. Ayi ndithu. Limene lakhazikika m'masamba litha kusuntha m'maluwa, lokhazikika pa chilala litha kusuntha pa chisanu. Ichi ndiye chifukwa cha malipoti ofanana mitu aja. Chimene ndimadandaula nacho si kuchuluka kwawo, koma kuti ena amawawerenga ngati chiphaso chosatha ntchito: wina anayesa masamba a mtundu umodzi wa rozi, wina n'kutenga jini lomwelo kukayezera mizu ya mtundu wina osaliyesanso.

Mu 2009, Stephen Bustin wa ku London, pamodzi ndi Vandesompele, Pfaffl ndi ena, anatulutsa malamulo otchedwa MIQE, mndandanda wa zinthu 85 zimene wofufuza ayenera kuonetsa kuti anzake akhulupirire zimene wayeza. Bustin ankadziwa mtengo wa kuyeza mosasamala. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake anali ataperekera umboni m'khoti ku America, kuonetsa kuti kuyeza kwa PCR kumene ena ankadalira ponena kuti katemera wa chikuku amayambitsa vuto la autism kunali kolakwika.

Tibwerere ku azalea. Kunja pang'ono kwa Ghent, ku Melle, kuli malo ofufuzira zaulimi otchedwa ILVO. Mu 2013 Ellen De Keyser, Jan De Riek ndi anzawo anatulutsa lipoti limene mutu wake unali funso: kodi kuyeza kumeneku kungachitike bwanji molondola m'zomera? Gawo lalikulu la lipotilo silikamba za utoto. Likukamba za ukhondo wa RNA, za mmene ungadziwire kuti DNA yosafunika yalowerera m'kabotolo, ndi za kusankha majini oyezera angapo a azalea yeniyeniyo. Atatha zonsezo m'pamene anayeza majini a utoto m'zitsamba zobadwa kwa makolo amodzi. Anapeza kuti kuwalira kwa maluwa apinki kumayendera limodzi ndi mmene F3'H akugwirira ntchito, pamene DFR ndi ANS, amene munthu angaganize kuti ndiwo amasiyanitsa duwa loyera ndi lautoto, mbali yawo inali yochepa. Zotsatira zotere sizikuwa, ndipo pa sikelo yopendekeka zikanatha kusowa kapena kutembenuka.

Tisaiwale kuti si mtundu uliwonse wa duwa umene yankho lake lili m'majini a utoto. Hydrangea, chitsamba cha ku Japan, imatulutsa maluwa abuluu pa dothi la asidi ndi apinki pa dothi la laimu, utoto wake uli umodzimodzi. Chimene chimasintha ndi aluminiyamu amene mizu imayamwa pa dothi la asidi. Wofufuza zimenezi amathira aluminiyamu ku mizu kuti aone majini amene adzuke, koma aluminiyamu ndi poizoni kwa zomera zambiri, amasokoneza ntchito zapakhomo zomwe zija. Bougainvillea wa m'mipanda yathu, amene kwawo ndi ku South America, alibe n'komwe anthocyanin. Utoto wake ndi wa banja lina, lofanana ndi la beetroot, ndipo zimene timati maluwa ndi masamba okuta kaduwa kakang'ono koyera. Chitsamba chilichonse chili ndi nkhani yake, n'chifukwa chake chimafunanso muyezo wake.

Wina angafunse kuti ife za maluwa a pawindo la ku Belgium zikutikhudza pati. Makina amenewa timawadziwa, kungoti sitinawaone. Ndi njira yomweyi imene imawerenga kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi a munthu amene akumwa ma ARV. Ndi yomweyinso imene inkayeza Covid-19, ndipo m'njira zina zoyezera matendawa ankafufuzanso jini la munthu lotchedwa RNase P. Likapanda kuoneka, ankadziwa kuti kathonje sikanatenge kanthu m'mphuno, ndipo zotsatira zoti munthu alibe kachilombo sizikanakhulupirika. Ameneyo ndi msuweni wa jini loyezera lija.

Pafupi kwambiri ndi mbale yathu pali chinangwa. M'mbali mwa nyanja, ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga, kumene kondowole ndiye chakudya, alimi amawadziwa matenda amene amaoletsa chinangwa m'kati, asayansi amati cassava brown streak. Mtengo umatha kuoneka bwinobwino, koma pokumba upeza muzu uli ndi zigamba zofiirira zolimba, zosadyeka. Wokonza mbewu amafuna kudziwa mtundu umene kachilomboka sikachulukana kwambiri m'thupi mwake, ndipo maso sakwanira kuweruza. Ayenera kuyeza RNA ya kachilombo poyerekezera ndi jini la chinangwacho. Koma kachilombo kakalowa m'selo kamalanda khitchini yonse, ndiye majini a ntchito zapakhomo sangakhale mmene analili. Jini loyezera likatsika m'mtundu umodzi osatsika m'unzake, mbewu yopirira itha kuoneka yofooka n'kutayidwa, yofooka n'kuchulukitsidwa kupita kwa alimi.

Mu 2011 ofufuza a ku ETH Zurich, Isabel Moreno, Wilhelm Gruissem ndi Hervé Vanderschuren, anachita pa chinangwa ntchito yofanana ndi ya anzawo a maluwa: kutenga majini angapo, kuwayesa m'mitengo yodwala ndi yabwino, ya mitundu yosiyana, n'kuona amene sakugwedezeka. Pakati pa amene anapambana panali PP2A, yemwe uja wa mu rozi ndi Arabidopsis.